Buledi wa Mgonero wa a Zefaniya

Mwambi uja amayi anu amaunena akaona mwana wosasamba ali kumsana kwa mayi wosasamba, chiyambi chake ndi ichi. Sunthirani kuno ndi matumba anuwo. Magetsi sabwera msanga, ndipo chigayo sichilira chifukwa choti mwachiyang'anitsitsa. Iwe wachipewawe, usandiuze kuti mwambiwo ndi wakale kuposa ine. Unalipo? Ine ndinalipo, ndipo ndinaulipira ndi miyezi isanu ndi umodzi pa benchi ya kumbuyo.

Masiku amenewo ndinali woimba belu pa tchalitchi chathu cha pa Kamphanda. Belu lake linali chitsulo cha gudumu la lole chopachika mumtengo wa mango. Tchalitchicho chinali chaching'ono, chopanda mbusa wakewake. Abusa a Msampha ankabwera panjinga kanayi pachaka kudzabatiza ana, kudzamva milandu ndi kudzadyetsa Mgonero. Anali munthu woyera mtima mochita kumvetsa chisoni. Anakulira pamishoni, mowa sanaulawepo, ngakhale fungo lake sankalidziwa. Zimenezi muzisunge, zigwira ntchito kutsogoloku.

Lamulo la mpingo linali losakhota. Wofulula mowa kapena womwa ankadulidwa. Kudulidwa ndiko kuti kutchalitchi ubwere ndithu, nyimbo uimbe, koma ukhale pa benchi ya kumbuyo kwenikweni, ndipo mbale ya Mgonero ikamazungulira iwe uzingoiperekeza ndi maso.

Pa benchi imeneyo pankakhala munthu mmodzi yekha, Nagama. Anali mayi wamasiye, wamfupi, wa mawu ochepa, ndipo munda wake weniweni unali mbiya ya mowa wa masese. Mowa wake unkadziwika ndi chimera cha mawere, chimene chinkasiya timadontho tofiira m'chipanda. Zaka zitatu anakhala kumbuyoko yekhayekha. Sabata iliyonse ankabwera atavala mpango woyera, ndipo ine amene ndinkaima pakhomo ndinkaona mmene ankamezera malovu mbale ikamudutsa. Zinkamuwawa mayi uja, osati pang'ono.

Amene anakamuneneza kwa abusa anali a Zefaniya Kamtedza. Bambo ameneyu anakhalako ku Salisbury zaka zisanu ndi ziwiri, nabwerako ndi zinthu ziwiri: jekete yakuda ndi pakamwa. Mukati nkhani ya khasu, iwo ku Salisbury. Mukati nkhani ya maliro, iwo ku Salisbury. Ankati ankagwira ntchito pa kampani yophika buledi, ndipo zinali zoona. Chimene sankanena n'chakuti ntchito yawo inali yosesa pabwalo. Ukulu wa mpingo ankaufuna ngati mmene mbuzi ifunira mchere, ndipo mlandu wa Nagama ndi umene unawakweza pamaso pa abusa.

Tsono Lachinayi lililonse a Zefaniya ankanyamula ketulo ya buluu n'kulowa m'nthochi za kuseri kwa nyumba ya Nagama. Wowafunsa ankamuyankha kuti akukapereka tiyi kwa odwala. Ketuloyo inkapita yopepuka n'kubwerako yolemera, tiyi wa mtundu wanji ameneyo? Ndikudziwa chifukwa iwo ankadzera njira ya kumtunda, ine ya kumunsi, ndipo tikakumana m'nthochimo tinkapatsana moni wapansipansi ngati tili pamaliro. Sitinali awiri tokha. Amuna onse oimba besi ankadziwa njira imeneyo. Nagama sankaulula munthu, ngakhale amene anamudulitsa.

Chaka chimenecho kalata inabwera yoti abusa afika Lamulungu kudzadyetsa Mgonero, komanso kudzadzoza a Zefaniya kukhala mkulu wa mpingo. A Zefaniya anachapitsa jekete. Koma Lachitatu kunagwa chimvula chimene chinakokolola mlatho wa kumsewu, ndipo basi imene inkatibweretsera buledi kuchokera kuboma inalekeza tsidya lina. Akuluakulu anakumana pansi pa mango. Wina anati amayi aphike chigumu, Mulungu amvetsa.

A Zefaniya anaimirira n'kukoka jekete.

"Chigumu pa gome lopatulika, ine ndili moyo? Abale, manja awa aumba buledi wodyedwa ndi azungu. Ndipatseni fulawa basi, zotsalazo musade nkhawa."

Akazi awo, amene ankadziwa kuti bamboyu sangathe ngakhale kuwiritsa madzi, anali ku Mitundu kothandiza mwana wawo amene anali m'chikuta. Akanakhalapo mayi amenewo, bwenzi mwambi uwu kulibe.

Fulawa anapezeka pa kantini, wa amayi a mandasi. Yisiti ndiye anali atatha. Mwini kantini anati soda alipo.

"Soda ndi wa therere," anatero a Zefaniya. "Ine sindikuphika therere."

Loweruka m'mawa anatenga ketulo yawo kupita kwa odwala aja, kuti mwina maganizo angatseguke. Anapeza Nagama akuvundula mowa wochedwa kupsa chifukwa cha kuzizira kwa mvula. Mbiya inali kuwira, thovu likukwera n'kuphulika lokha popanda moto pansi. A Zefaniya anaima n'kuyang'ana nthawi yaitali. Nzeru za munthu wopusa zimabwera mothamanga, ndipo zikafika sizigogoda.

"Mayi, chimene chikukweza thovuli n'chiyani?"

"Ndi nsenga za mowa wakale. Ndimathirako pang'ono kuti watsopano udzuke."

"Ndiye kuti chimene chidzutsa mowa chingadzutsenso fulawa."

Nagama anaika chikombe pansi. "Mukufuna muphikire buledi wa mawa?"

"Tsitsani mawu. Ku Salisbury timadziwa kuti chotupitsa ndi chimodzi, mayina okha ndiwo asiyana."

"Kudzutsa chingadzutse," anatero Nagama. "Amayi anga ankachita zimenezo pa zitumbuwa. Koma supuni ziwiri zokha, a Kamtedza, ndipo musefe pansalu. Mukapyola apo, mwana wanga ameneyu sabisika. Kulikonse kumene apita amanena kwawo."

"Mwayamba kuphunzitsa nsomba kusambira."

Kenaka Nagama ananena chimene chinali kumtima kwake.

"Ndikupatsani. Koma mawa mukadzozedwa, mundilankhulire kwa abusa. Zaka zitatu zakwana. Ndisanafe ndikufuna ndilandirekonso, ngakhale kamodzi."

"Zimenezo n'zazing'ono," anatero a Zefaniya, maso ali pambiya. "Mawa lomwe mukhala kutsogolo. Dzazani ketuloyo, mukokere zapansi."

Atafika kunyumba anathira fulawa m'beseni losambira, popeza beseni lina silikanakwana. Anayesa supuni ziwiri monga anauzidwira. Anayang'ana mtandawo, osaona kanthu. Anadikira nthawi yokwana kumwa chikho chimodzi cha m'ketulo muja, n'kuyang'ananso. Mtanda uli duu. Anamwanso china, kuti aone ngati mowawo unali ndi mphamvu. Mphamvu inalimo. Pamenepo anaganiza kuti supuni ziwiri ndi muyeso wa anthu osayenda, ndipo anapendeketsa ketulo yonse, nsenga, gaga ndi mawere omwe, osasefa. Anakanda ndi zibakera, nafunditsa chitenje cha akazi awo, n'kuika padzuwa.

Masana ndinadutsa pakhomopo, ndipo ndinaona ndi maso angawa. Chitenje chinali chitakwera ngati pansi pake pagona munthu. Mtanda unali utasefukira m'mbali mwa beseni, ukutsika pang'onopang'ono kulunjika kukhonde. Tintchentche tija timakonda pamowa tinali titaitanizana mudzi wonse. Tambala wawo, amene anajomphako zogwera pansi, anali ataima mwendo umodzi akulira nthawi yolakwika.

"Waona, Lingisoni?" anandiuza a Zefaniya. "Yisiti wa ku Salisbury ameneyo. Ndinasungako pang'ono m'sutikesi."

Ine mphuno yanga inali itandiuza kale kuti Salisbury ameneyu ali kuseri kwa nthochi. Koma ndikanati ndadziwa bwanji? Ndinangoti, "Zikomo, akulu, ntchito ikuoneka," n'kupitiriza ulendo.

Anauphika mumphika waukulu wachitsulo, makala pansi, makala pachivundikiro. Buledi anatuluka wamkulu ngati mtsamiro. Kufufuma anafufuma, zimenezo ndisawanamizire. Koma buledi wa kuboma amakhala wofiirira pamwamba, woyera m'kati. Uyu sanali wofiira, sanali woyera. Anali mbuu, ngati mwana amene wasewera paphulusa, ndipo thupi lonse linali ndi timadontho ta mawere. Anamupaka mafuta ophikira, anakhalabe mbuu, kungowonjezera kunyezimira. Za fungo iwo sanamve kanthu, pakuti munthu amene wamwa theka la ketulo mphuno yake imakhala itapita kale kukagona. Anamukulunga m'nsalu yoyera ya tchalitchi, ndipo fungo lija linagona m'menemo likusonkhanitsa mphamvu.

Lamulungu abusa anafika atanyowa mpaka m'chiuno, atawoloka mtsinje njinga ili paphewa. Ndinaimba belu. Tchalitchi chinadzaza, mazenera otseka chifukwa cha mphepo. A Zefaniya anakhala kutsogolo m'jekete yawo, Nagama kumbuyo ndi mpango wake woyera. Tinaimba, tinapemphera, ulaliki unatha. Kenaka abusa anavundukula nsalu ija.

Ana inu, fungo lili ndi miyendo. Ndinaliona likuyenda benchi ndi benchi. Linayamba ndi akuluakulu a kutsogolo, amene onse pamodzi anayamba kuwerenga mitengo ya kudenga. Linafika pa oimba besi, wina anatsokomola, wina anatseka maso ngati wagwidwa ndi pemphero. Linawolokera kwa amayi, amene ankalidziwa bwino chifukwa linkabwera m'nyumba zawo Lachinayi lililonse pa ndevu za amuna awo. Linafika kwa ine pakhomo, ndipo kukhosi kwanga kunachita ludzu pa nthawi yosayenera.

Panalibe anayankhula. Akanayankhula ndani? Kunena kuti buledi uyu akununkha masese ndi kuvomera kuti masese umawadziwa. Tchalitchi chonse chinagwidwa pa msampha umodzi, aliyense akudziwa, aliyense akudziwanso kuti mnzake akudziwa. Mbale inazungulira. Anthu analandira, natafuna nthawi yaitali kuposa masiku onse. Mkulu wina wokalamba, amene mano anali atamuthera, anatenga zidutswa ziwiri.

Mwambo utatha, abusa anapukuta pakamwa, nkhope ili ngwee.

"Abale, ndayenda m'mipingo yambiri, koma mkate wotere sindinaulawepo. Uli ndi kowawasa kena kake kotsitsimula mtima. A Kamtedza, munathiramo chiyani?"

"Yisiti wa ku Salisbury, abusa," anatero a Zefaniya ataimirira, chifuwa patsogolo. "Kuno sapezeka."

"Ndithu kuyenda n'kuphunzira," anatero abusa.

Nagama kumbuyo kuja anangoyang'ana pansi. Akanakhala chete mpaka kumanda mayi uja, ndikukuuzani. Bodza la Salisbury silinamukhudze. Iye ankangodikira lonjezo lake.

Abusa anaitana a Zefaniya kutsogolo kuti awadzoze. Koma asanayambe, maso awo anagwa pa mpango woyera uja.

"Ndisanaiwale. Mayi Nagama akhala kumbuyo zaka zitatu, ndipo sanajombepo. Lero ndi tsiku lachimwemwe. A Kamtedza, mlandu uja munabweretsa ndinu. Mukuona bwanji, tiwabwezere pagome?"

Apa ndi pamene munthu amafunika nzeru zochepa chabe. Akanangoti inde, bwenzi atafa ali mkulu wa mpingo. Koma a Zefaniya anayang'ana anthu, naona maso onse ali pa iwo, ndipo anachita mantha kuti akamukomera mtima mayiyu anthu alumikiza nkhani. Anaganiza zodzitchinjiriza ndi ukali.

"Abusa, ine mtima wanga ndi wofewa, koma lamulo ndi lamulo. Mayi awa mbiya sanaisiye. Malinga ine ndili mkulu pano, chilichonse chochokera m'mbiya ya mowa sichidzayandikira gome ili."

Kunja mango anagwa mumtengo, ndipo tonse tinawamva.

Nagama anaimirira. Sanakweze mawu, sanaloze chala. Anakonza mpango wake n'kupinda manja mwaulemu.

"Abusa, ndifunseko. Kodi mpingo uno umalandira mwana n'kukana make?"

"Ayi, mayi. Mukunena mwana uti?"

"Uyo mwamunyemanyemayo. Wakhala pagome kuyambira m'mawa, mwamufunditsa nsalu yoyera, mwamupempherera, mwamuyamikira pamaso pa anthu. Ine make ndili kuno kumbuyo."

Abusa anayang'ana buledi, nayang'ana a Zefaniya. A Zefaniya anati mayiyu wazungulira mutu ndi nthunzi ya mowa wake. Nagama anangopempha kuti amudikire pang'ono. Kwawo kunali kungodumpha msewu. Anatuluka, ndipo mpingo wonse unamudikira, wopanda ngakhale woyambitsa nyimbo. Anabwerako atanyamula chipanda ndi manja awiri. Ine ndinamupatukira pakhomo. Aka kanali koyamba kuti masese alowe m'tchalitchi chathu poyera, osabisala m'mimba mwa munthu.

Abusa anakana kuti chipanda chifike pagome, choncho anatenga chidutswa chotsala cha buledi n'kukumana naye pakati. Anayang'ana m'chipanda: mbuu, timadontho tofiira. Anayang'ana buledi: chimodzimodzi. Ananunkhiza uku, nanunkhiza uku, ndipo nkhope yawo inagwa ngati ya munthu amene wauzidwa za maliro.

"Kufanana kulipo," anatero pang'onopang'ono. "Koma ine zinthu izi sindizidziwa, ndipo sindingaweruze munthu ndi mphuno yachilendo. Alipo pano angatsimikize kuti chimene tadya chachokera m'mbiya imeneyi?"

Amuna makumi anayi odziwa bwino nkhaniyo anayang'ana zala zawo zakumapazi. A Zefaniya anayamba kupuma bwino. Anaona kuti apulumuka, chifukwa mboni iliyonse ikanadzimangirira yokha. Ndinaona kamwetulira kakuyamba pakona pa ndevu zawo, ndipo ndinaona Nagama ataima pakati pa tchalitchi yekha, chipanda chili m'manja. Mayi amene anatisungira chinsinsi tonsefe zaka zonsezo.

Ndimakonda kunena kuti chinandiyankhulitsa ndi chilungamo. Mwina chinali chilungamo theka. Theka linalo, pakamwa panga sipanaphunzire kukhala chete pamene anthu akulakwitsa nkhani ya mowa.

"Ndi womwewo, abusa," ndinatero ndili pakhomo. "Kungoti wa sabata ino wawawasa pang'ono chifukwa cha mvula. Wa sabata yatha ndiye unali bwino."

"Zoona," inayankha nkhalamba yopanda mano ija isanaganize. "Wa sabata yatha unali wokoma."

Amayi ndi amene anayamba kuseka. Anaseka mpaka ena kutuluka panja atagwira nthiti. Abusa sanaseke. Anafunsa za ketulo ya buluu imene amayiwo anayamba kuitchula, anafunsa za odwala a Lachinayi, ndipo pofika pamenepo aliyense anali wofunitsitsa kuthandiza ndi dzina la mnzake. A Zefaniya anayesa kunena kuti ku Salisbury nakonso yisiti amaoneka choncho, koma mawu anawathera pakati.

Kudzoza kunathera pomwepo. Abusa analamula kuti aliyense wodziwa njira ya m'nthochi asamukire kumbuyo. Benchi imodzi sinakwane. Tinanyamula mabenchi anayi kuchokera kutsogolo, ndipo tsiku limenelo nyimbo yotsekera inalibe besi kutsogolo, yonse inkachokera kumbuyo. Ine ndinapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi, belu ndinkaimbabe chifukwa panalibe wina wodziwa pomenya. A Zefaniya anapatsidwa zaka zitatu, zofanana ndi zimene anadulitsa mnzawo, ndipo ukulu sanaununkhenso mpaka imfa yawo. Nagama anauzidwa kuti pa ulendo wotsatira wa abusa nkhani yake idzaonedwa mwachifundo, popeza m'tchalitchi monse ndi yekhayo amene sananamepo. Analandiradi Mgonero chaka chomwecho, ndipo analira ngati mwana.

Koma tsiku lija, anthu asanabalalike, abusa anatsala ndi chidutswa cha buledi m'manja, osadziwa kochiika. Kuchibwezera pagome sakanatha, kuchitaya sakanathanso. Anachipereka kwa Nagama.

"Tengani mwana wanu, mayi."

Nagama anachilandira ndi manja awiri n'kubwerera nacho ku benchi yake yakale. Anapeza a Zefaniya ataima pamenepo ndi jekete yawo, akusowa pokhala. Anawasunthira malo.

"Khalani apa, a Kamtedza, mbali iyi siidontha. Ine ndapazolowera."

A Zefaniya anakhala, maso ali pa buledi wawo uja. "Ndinamupaka ndi mafuta omwe," anadandaula motsitsa. "Bwanji sanafiire?"

Nagama anafungatira chidutswacho pachitenje, nachiyang'ana mmene mayi ayang'anira khanda losaoneka bwino koma lake.

"Ndinakuuzani kuti ameneyu sabisika. Mungamupake mafuta, mungamuveke nsalu yoyera, mungamupatse dzina la ku Salisbury. Make mbuu, mwana mbuu."